Tsiku Limene a Masofa Sanaloze Munthu

Bambo ake a Sizasi anali ndi mtima wodziwika msewu wonse. Ankakonza masofa ndi mipando ya galimoto m'kashopu kopapatiza, pakati pa golosale ndi wowotcherera zitsulo, ndipo anthu anangowatcha a Masofa mpaka dzina lawo lenileni linachita dzimbiri. Tsiku silinkatha mtima umenewo osapwetekedwa. Wogulitsa siponji akabweretsa yopyapyala, ankamuloza ndi nyundo: "Iwe, wandipweteka mtima." Kasitomala akati nsalu si mtundu umene anasankha: "Mayi, mwandipweteka mtima." Ngakhale tiyi akachepa shuga, wina ankayenera kulozedwa. Chala chinkapita kwa wolakwayo, dzanja linalo likumenya pachifuwa, phaa phaa, fumbi la thonje n'kumafuka m'malaya. Akatero ankabwerera pa ntchito, ndipo madzulo ankadya bwino kuposa aliyense.

Mawuwo ankatulukira pambali pa kamwa, chifukwa a Masofa ankagwira ntchito timisomali tili m'kamwa. Ankatapa ndi zala n'kuponya pa lilime, ndiye lilimelo linkatulutsa kamodzikamodzi, mutu uli kunja, kuti nyundo yawo ya maginito ikatole. Khoo, msomali walowa, wina wasuzumira kale pamlomo. Sizasi anawagulirapo makina owombera masitepulo, tizitsulo togwira ntchito ya misomali. Makinawo anali akadali m'bokosi pamwamba pa kabati. "Makina alibe lilime," anatero bambo ake, nkhani n'kuthera pomwepo.

Dzina la Sizasi anamupatsa ndi iwo omwewo. Anthu ankayesa kuti n'chifukwa chakuti ndiye ankadula nsalu ndi zikopa mu shopumo, koma a Masofa ankati ayi, ndi pakamwa pake. Azichimwene ake anathawa fumbi kalekale. Iye yekha, mwana wamkazi, ndiye anatsala, ndipo zaka makumi atatu zinamupeza pa tebulo lomwelo. Wachitatu mu shopumo anali azakhali ake, mlongo wa a Masofa, amene ankakhala pa makina osokera pafupi ndi khomo, maso pa singano, makutu pa zonse.

Masana a tsikulo panalinso mlendo, dalaivala wa kagalimoto konyamula katundu. Anali atamasula mpando wake woyendetsera, umene sipuling'i yake inkamulasa, ndipo anakhala pa sofa ya munthu wina kudikira. Mpandowo unali pa tebulo, utasendedwa chikopa, siponji yatsopano itamatidwa mbali imodzi.

Sizasi anali ndi nkhani imene anayenda nayo masiku ambiri ngati munga m'phazi. Fakitale ina yopanga mipando, mumzinda wakutali, inali itamuitana kuti akakhale wodula zikopa, ndipo anali atavomera kale. Anasankha kunena mlendo alipo, poganiza kuti bambo ake achita manyazi kukalipa.

"Ababa, mwezi ukatha ndikupita. Ntchito ija andilemba."

Makina a azakhali anaima. Dalaivala anayamba kuwerenga kalendala ya pakhoma ngati ili ndi nkhani.

A Masofa sanatembenuke. Anakhoma msomali, nauphonya, chinthu chimene Sizasi anali asanachionepo. Anakhomanso. Kenako anaika nyundo pa tebulo pang'onopang'ono, nakhala pa kampando kawo ka matabwa.

"Mwandimva, ababa?"

"Mtima ukupweteka," anatero chapansipansi.

"Eyaa, zayambika," azakhali anawomba m'manja. "Wamva iwe? Nkhani zoterezi umayamba wauza ine, ine ndikonze kaye njira. Umangogwetsa ngati thumba la simenti. Taona tsopano."

"Ababa, musayambe zimenezo," anatero Sizasi, ndipo pakamwa paja panatseguka pokha. "Mtima wanuwo unapwetekedwa ndi siponji, unapwetekedwa ndi shuga, unapwetekedwa ndi mvula. Simunafe. Simufa lero chifukwa cha ine. Ndalowa m'fumbi muno mutu wanga usanafike pa tebulo ili. Mukufuna ndikalambire muno ngati sofa yosatengedwa ija?"

Analoza sofa yobiriwira ya pakona, imene mwini wake anaisiya kalekale osabweranso.

Dalaivala anaseka, kenako anasandutsa kusekako chifuwa. "Madala, musadandaule, ana ndi choncho. Wanga anapita n'kundisiyira galu wake, galuyo amadya kuposa mwini wake. Bola mpando wangawu uthe. Inetu msana ukundipwetekanso."

Sizasi anabwerera pa chikopa. Anadula mzere umodzi mokwiya. Ankadikira zotsatira, chifukwa ankazidziwa ngati nyimbo: chala, phaa phaa pachifuwa, kenako mbiri ya mmene anamulerera okha mayi ake atamwalira. Koma kumbuyo kwake kunali zii. Ndipo m'kachetechete ameneyo mawu aja anamubwerera m'makutu monga mmene ananenedwera.

Sananene kuti wandipweteka mtima. Anati ukupweteka. Ndipo sanaloze munthu.

Anatembenuka. Bambo ake anali atawerama pang'ono, maso ali pa zidutswa za siponji pansi. Dzanja silinali lotambasula ngati la masiku onse. Chinali chibakera, chitakanikiza pakati pa chifuwa, osasuntha. Nkhope inali itatuwa ngati phulusa. Thukuta linali kamukamu pamphumi ndi m'khosi, chikhalirecho kunja kunali mitambo ndi kamphepo, moti Sizasi anali atavala juzi.

"Ababa, mukumva bwanji?"

"Chilungulira."

"Chilungulira basi," azakhali anavomereza, mtima utakhala pansi. "Buledi uja anadya ataimirira. Ndikagule chakumwa cha gasi, akageya zitha. Komanso iwe upepese. Mankhwala a mtima wa achimwene ndi kupepesa, msewu wonse ukudziwa."

Sizasi anagwada patsogolo pa bambo ake nakhudza mkono wawo. Unali wozizira, wonyowa ngati nsalu yosauma.

"Pakupweteka pati? Ndionetseni."

Chibakera chinakanikiza pomwe chinali. "Ngati wina wandiikapo sofa." Anapuma, kupuma kwake kofupika. "Ya anthu atatu." Kenako dzanja linakwera ku phewa lamanzere, linatsika ndi mkono, linabwerera ku nsagwada. "Nsagwadazi ndi misomali. Zimatero."

"Sizinateropo chibadwire changa."

"Iwe, ukufunsa ngati wapolisi bwanji?" azakhali anamukoka juzi. "Nena kuti supita, uone ngati sadzuka."

Apa Sizasi anachita kakasi. Mwina azakhali ankanena zoona. Mwina iyi inali njira yatsopano ya bambo ake, poona kuti yakale yatha mano. Ndipo akaitana a chipatala pachabe, msewu wonse udzaseka mpaka chaka cha mawa kuti a Masofa anakwera ambulansi chifukwa chokwiya ndi mwana. Manyazi amenewo bambo ake sakanamukhululukira. Anayesa mankhwala a azakhali.

"Chabwino, ababa. Pepani. Sindipita."

Linali bodza, koma a Masofa a masiku onse akanalilandira ndi manja awiri n'kuwonjezerapo ulaliki. Awa sanadzutse n'komwe maso.

"Pita," anatero. "Si zimenezo."

Sizasi anatulutsa foni m'thumba la epuloni naimba nambala ya ambulansi.

"Usayerekeze," bambo ake anatero. "Mpando wa munthu uli pa tebulo." Anayesa kudzuka, dzanja likufufuza nyundo, koma miyendo inakana. Dalaivala, amene kuseka kunali kutamuthera, anawagwira m'khwapa.

Anayankha mayi wina wa mawu osathamanga. Sizasi ananena msewu ndi shopu, kenako zonse zinatuluka pamodzi: sofa ya pachifuwa, mkono, nsagwada, thukuta, buledi.

"Imani kaye, mayi. Akulankhula? Akupuma?"

"Eee. Koma akukana, akuti ndi chilungulira. Ndiponso tangokangana kumene, ndiye mwina angokhumudwa. Iwowa amakonda kunena za mtima."

"Ine pa foni sindingadziwe, inunso pamenepo simungadziwe. Zimene mwanenazi tizitenga ngati matenda a mtima mpaka adokotala anene kuti si mtima. Asayende, asagwire ntchito. Akhazikeni pansi, msana utsamire, mawondo apinde. Masulani chilichonse chowathina. Musawasiye okha."

Mu shopu ya masofa chotsamira sichisowa. Sizasi ndi dalaivala anagwetsa makushoni pansi, nawakhazika a Masofa atatsamira sofa yobiriwira ija, kushoni ina pansi pa mawondo. Sizasi anamasula epuloni yawo ndi mabatani a m'khosi. Pofika pa lamba, manja ake anaima. Dalaivala anaona, namasula ndiye.

"Musaope, madala, m'thumba simo ndikupita."

"Asipirini ali pafupi?" anafunsa mayi wa pa foni. "Afunseni ngati asipirini anawadwalitsapo, ngati ali ndi zilonda za m'mimba, kapena ngati akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana."

Sizasi anafunsa. A Masofa anapukusa mutu pa funso lililonse. "Ine mankhwala? Unandionapo liti?"

"Apatseni piritsi limodzi la akuluakulu. Atafune, asangomeza. Chakudya ayi, chakumwa cha gasi ndikumvacho ayi."

Azakhali anali ataima pakhomo, phazi limodzi kunja, lina mkati.

"Azakhali, asipirini. Ku golosale. Thamangani."

Kwa nthawi yoyamba azakhali anatumidwa ndi mwana osayankha. Anabwera ali wefuwefu, nsapato imodzi itatsala panjira.

Sizasi anang'amba kapepala nabweretsa piritsi pakamwa pa bambo ake. Milomo inali yotseka ndithu, ndipo tsaya lamanja linali lotukuka pang'ono.

"Ababa, misomali ikadali m'kamwa?"

Anayang'ana kumbali.

"Lavulani."

"Ndimalize mpandowo. Patsala pang'ono."

"Lavulani, ababa."

"Mpando wosatha sutuluka mu shopu yanga. Ukudziwa."

"Madala," anatero dalaivala, mawu ake atasintha, "mpando ndi wanga, wokhalapo ndine. Ndakhululuka. Lavulani."

Sizasi anatchera chikhatho pansi pa chibwano chawo, monga amachitira mayi kwa mwana amene watola mwala n'kuika m'kamwa. Sanachonderere. Anangokhala chomwecho, dzanja lili chitcherere. Anayang'anizana. M'maso mwa bambo ake anaonamo chinthu chimene sanachione ngakhale tsiku la maliro a mayi ake. Anali mantha. Pamenepo anamvetsa kuti nkhani sinali mpando. Malinga ngati misomali inali m'kamwa, tsikulo linali la ntchito ngati masiku onse, ndipo munthu safa pa tsiku loterolo.

Kenako lilime linayenda. Timisomali tinagwera m'dzanja lake, tonyowa, tofunda. Anatiponya m'thumba la epuloni yake. Piritsi linalowa, ndipo a Masofa anatafuna nkhope itakwinyika.

"Kuwawa."

"Tafunani basi."

Mayi wa pa foni anabwerera ndi nkhani yoipa. Maambulansi onse anali atatuluka. Imene ikanabwera inali kutali, ndipo sakanalonjeza nthawi.

"Pali galimoto pafupi, ndi woyendetsa wina osati iwowo? Ngati ilipo musadikire, ndiwauza a chipatala kuti mukubwera. Muwanyamule, asayende okha. Ndipo mvetserani. Akakomoka n'kusiya kupuma, imitsani galimoto, muwagoneke chagada pamalo olimba, manja anu pakati pa chifuwa, muzikanikiza mwamphamvu ndi mofulumira, osaleka. Foni musadule."

Onse anayang'ana kagalimoto panja. Kenako onse anayang'ana pa tebulo, pomwe mpando wa dalaivala unagona chagada, zitsulo zili pamtunda, siponji ikulendewera ngati lilime la galu.

"Mabawuti ali kuti?" anafunsa Sizasi.

"M'thumba mwangamu."

Anaunyamula awiri, guluu akuwamata m'manja, naulowetsa m'malo mwake. Dalaivala anagwada ndi sipanala, akutukwana chapansipansi bawuti ina imene inkakana kulowa. Sizasi ankagwira mpando, foni itapanidwa pakati pa khutu ndi phewa, maso ali mu shopu. Azakhali anali atakhala pansi pambali pa mlongo wawo, akuwapukuta thukuta ndi nsalu ya kasitomala, pakamwa pakuyenda.

"Achimwene, limbani. Musatichititse manyazi. Mukatisiya lero anthu adzati chiyani? Adzati mwana anawapha ndi pakamwa."

Sananene mokweza, koma shopuyo inali yaing'ono. Mawuwo anamulowa Sizasi ngati msomali wa bambo ake: kamodzi n'kamodzi, mpaka mutu.

Sizasi ndi dalaivala anawakhazika a Masofa pa mpando wa manja nawanyamula. Wowotcherera zitsulo anazimitsa moto wake, nakankhira magalasi akuda pamphumi, n'kubwera kudzagwira mwendo wina wa mpando. Anthu anayamba kusonkhana. Wina anafunsa kuti kwagwanji. Wina anayankha kuti ndi mtima wa a Masofa, ndipo panamveka phwete, kufikira ataona nkhope yawo.

Powakweza kutsogolo, a Masofa anaona mpando wa dalaivala uli m'malo mwake, wosavala.

"Watuluka," anatero.

"Ubwerera, ababa."

Sizasi anadzipanikiza pakati, nawamanga bambo ake lamba wa galimoto. Azakhali anakwera kumbuyo, pakati pa makatoni, nsapato yotsala ija ili m'manja. Wowotcherera anakuwa kuti shopu atseka ndiye.

Msewu unali wodzaza monga umadzazira munthu akakhala pachangu. Lole ina inkatsitsa matumba pakati penipeni pa njira. Dalaivala anakanikiza hutala, mutu uli kunja kwa windo. "Wodwala! Tapatukani, akulu, muli wodwala muno!" Pa bampu iliyonse ankadumpha, sipuling'i ikumulasa popanda chotchinga, koma sanadandaule.

Sizasi anagwira dzanja la bambo ake. Maso ake anali pa chifuwa chawo, pa batani lotseguka pomwe chibakera chinali chitakhala. Pamenepo ndi pomwe akanaika manja ake. Ankadzifunsa ngati akanatha kukanikiza mwamphamvu chifuwa cha munthu amene anamubereka, ndipo ankayang'ana m'mbali mwa msewu kufuna malo olimba ogonekapo munthu. Paliponse ankaona matope, njinga ndi miyendo ya anthu.

Mutu wa a Masofa unagwa pang'ono, maso atatsinzina.

"Ababa!"

"Ndilipo. Usakuwe."

"Lankhulani."

"Ndinene chiyani?"

"Chilichonse. Ndikalipireni."

Anapuma kangapo. "Chikopa chija wadula mokhota."

"Eee."

"Munthu sadula atakwiya." Anapumanso. "Ku fakitaleko sakakuuza zimenezo."

"Akulankhula?" anafunsa mayi wa pa foni.

"Akundikalipira."

"Alekeni azikalipa, bola asadzitopetse."

Pakhomo la chipatala anamwino anali akudikira ndi bedi la matayala. Sizasi anati athokoze mayi wa pa foni, koma anapeza kuti iye mwini wadula kale foniyo ndi tsaya lake osadziwa. Zinthu zinathamanga. Malaya a bambo ake anatsegulidwa, tizingwe tinamatidwa pachifuwa, singano inalowa pa mkono. Dokotala, mayi wamfupi wa magalasi, anayang'ana kapepala kotuluka m'makina, ndipo nkhope yake sinanene chilichonse.

"Kupweteka kunayamba nthawi yanji?"

"Masana omwe ano," azakhali anayankha msanga. "Anali bwinobwino, adokotala. Zayamba pomwe mwana uyu wawauza kuti akuwasiya."

Sizasi anayang'ana pansi.

"Bodza."

Anali a Masofa. Mawu anali ochepa mphamvu, koma anatuluka pakati penipeni pa kamwa.

"M'mawa. Ndikukweza chitseko cha shopu. Kunkabwera, kunkapita. Masana ndiye kunakhala."

Dokotala anavula magalasi. "M'mawa? Ndipo simunauze munthu?"

"Ndinanena. Mwanayu anali atapita kukatenga siponji. Ndinati, chemwali, mtima ukupweteka." Anameza mate. "Anati tiyi akubwera."

Azakhali anagwira pakamwa ndi dzanja lomwe linali ndi nsapato.

A Masofa anatembenuza mutu kuwayang'ana. Sanawaloze. "Si mwanayu. Wamva, chemwali? Ukawauze anthu ako aja."

Bedi linayenda, zitseko ziwiri zinatseguka n'kudzitseka, ndipo namwino anawaonetsa benchi.

Anakhala pa benchipo mpaka dzuwa linapendeka pa windo la kumapeto kwa khonde. Dalaivala anapita kukaimika bwino galimoto, nabwera ndi madzi a m'botolo amene palibe anamwa. Anayesa nthabwala imodzi ya mpando wake, koma inagwa pansi osatoledwa. Kenako bwana wake anaimba, ndipo anatsanzika akuyenda motsimphina pang'ono.

"Achemwali, mpando usakuvuteni. Ndiikapo katoni."

Azakhali anali chete, chinthu chimene chinamuopsa Sizasi pafupifupi ngati kuphonya msomali kuja. Mapazi awo opanda nsapato anali akuda ndi fumbi. Patapita nthawi analankhula, osayang'ana munthu.

"Amati wobisa matenda maliro amamuulula. Nanga awa anabisa chiyani? Ananena. M'makutu mwangamu."

Sizasi anali ndi mawu okonzeka, akuthwa bwino. Koma anakumbukira kuti nayenso anamva mawu omwewo n'kuyankha za sofa yosatengedwa, ndipo anali atadula mzere wonse wa chikopa asanatembenuke. Anavula juzi nawafunditsa azakhali m'mapewa.

Dokotala atatuluka, onse awiri anaimirira.

"Unali mtima. Mtsempha umodzi unatsekeka, ndipo tautsegula. Ali moyo." Anadikira kuti azakhali amalize kulira kwawo koyamba. "Koma ndisakunamizeni. Nthawi imene yadutsa kuyambira m'mawa yawononga mbali ina ya mtimawo, ndipo imeneyo sibwerera. Lero ndi mawa tikhala tikuwayang'ana, sindingalonjeze zambiri. Munachita bwino kusadikira. Mukanati mupepesane mpaka madzulo, bwenzi tikulankhula zina."

"Ntchito adzagwiranso?" anafunsa Sizasi, osadziwa chifukwa chake funso limenelo ndilo linatsogola.

"Amagwira ntchito yanji?"

"Amakonza masofa."

"Nyundo aiwale kaye. Kunyamula ayi ndithu. Alipo wowathandiza?"

Azakhali anayang'ana Sizasi, kenako anabweza maso msanga.

Analoledwa kulowa mmodzi, kwa kanthawi. Bambo ake anali aang'ono pa bedipo kuposa mmene ankawadziwira. Kamakina kankalira pambali, tii, tii. Pakamwa pawo, popanda msomali wosuzumira, pankaoneka ngati pa munthu wina.

"Shopu?" anafunsa.

"Wowotcherera watseka."

"Mpando wa munthu uja?"

"Ndimaliza mawa."

"Osati ndi makina aja."

Sizasi anakoka kampando nakhala pafupi.

"Ukupita liti?"

Funsolo linakhala pakati pawo. M'mawa wa tsikulo yankho anali nalo, ndi tsiku lake lomwe. Tsopano ankangoona tebulo lija lopanda munthu, ndi chitseko chachitsulo chimene wina ayenera kumakweza m'mawa uliwonse. Ankaonanso fakitale, imene sinalonjeze kudikira munthu. Anadzutsa dzanja, natambasula chala, nawaloza pakati pa maso.

"Inu. Mwandipweteka mtima."

A Masofa anayang'ana chalacho nthawi yaitali.

"Uti? Wa adokotala, kapena wathu uja?"

"Wathu uja."

"Bola," anatero, natsinzina.

Sizasi anatsamira. China chinamulasa pa ntchafu, ndipo anakumbukira kuti akadavala epuloni, timisomali tija tili m'thumba. Sanatichotse. Anakhala akuyang'ana bulangeti likukwera, likutsika, ndipo nthawi iliyonse likatsika ankadikira.